Teófilo Yldefonso

Teófilo Yldefonso (5 Novembala 1903 – 19 Juni 1942) adali katswiri wosambira pa mipikisano komanso msilikali wa ku Philippines. Iye ndiye munthu woyamba wa m'dzikolo, ndiponso wa m'chigawo chonse cha kummwera chakummawa kwa Asia, kupata mendulo pa masewera a Olimpiki. Adapata mendulo ya mkuwa, imene imaperekedwa kwa amene wathera pa nambala yachitatu, pa mpikisano wa mamita 200 wa kasambiridwe ka breaststroke ku Amsterdam mu 1928, ndipo adaipatanso ku Los Angeles mu 1932. Ku Berlin mu 1936 adafikanso m'ndime yomaliza ya mpikisano womwewo, koma adathera pa nambala 7. Kwawo ankamutcha Ilocano Shark, kutanthauza shaki ya mtundu wa Ilocano. Shaki ndi nsomba yaikulu, yolusa ndi yaliwiro ya m'nyanja zamchere.

Pa zaka zonse zimene ankapikisana, amene ankalimbana naye kwambiri adali akatswiri a ku Japan. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itafika ku Philippines, Yldefonso adamenya nawo nkhondo ya ku Bataan, adagwidwa ndi asilikali a Japan, ndipo adafera m'kampu ya akaidi a nkhondo ku Capas ali ndi zaka 38. Mpaka lero mendulo zake ziwiri ndizo zokhazo zimene dziko la Philippines lidapatapo pa mpikisano wosambira ku Olimpiki.

Kwawo ndi ubwana wake

Philippines ndi dziko la zilumba zoposa 7,000, ndipo chilumba chachikulu pa zonsezi ndi Luzon, pamene pali mzinda wa Manila. Yldefonso adabadwira ku Piddig m'boma la Ilocos Norte, kumpoto chakumadzulo kwa chilumbachi. Piddig sali m'mbali mwa nyanja. Ali kumtunda, kummawa kwa mzinda wa Laoag, m'dera la zitunda ndi zigwa chakufupi ndi mapiri a Cordillera. Anthu a m'derali ndi a mtundu wa Ilocano, ndipo ambiri ndi alimi a mpunga, fodya ndi adyo. M'mbiri ya dzikolo, Piddig amakumbukidwa chifukwa cha kuukira kwa mu 1807, pamene anthu akumeneko adagalukira atsamunda a ku Spain atawaletsa kufulula ndi kugulitsa mwaufulu mowa wawo wa nzimbe wotchedwa basi.

Yldefonso adali wachiwiri mwa ana aamuna atatu. Mayi awo adamwalira anawo akadali aang'ono. Kumudziko kudalibe dziwe lomangidwa losambiramo, kudalibenso mphunzitsi wa masewera. Anyamata atatuwo adaphunzira okha kusambira mumtsinje wa Guisit umene umadutsa ku Piddig, monga amachitira ana okulira m'mbali mwa Bua kapena Kasangadzi. Madzi a mumtsinje amasiyana ndi a m'dziwe la mpikisano: amathamanga, amadzaza nthawi ya dzinja, ndipo wosambira amazolowera kulimbana ndi mkokomo wake asanadziwe n'komwe malamulo a mpikisano.

Pamene iye ankabadwa, dziko lake lidali litangosintha atsamunda. Spain idalamulira zilumbazi kwa zaka zoposa 300, kenako mu 1898 idazipereka kwa United States pa pangano la ku Paris. Anthu a ku Philippines adakana ulamuliro watsopanowo, ndipo padabuka nkhondo imene idayamba mu 1899 n'kulengezedwa kuti yatha mu 1902. Choncho moyo wonse wa Yldefonso udali pansi pa ulamuliro wa America. Ufulu wodzilamulira udabwera pa 4 Julaye 1946, iye atamwalira kale.

Kulowa usilikali

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, Yldefonso adalembedwa usilikali m'gulu la 57th Infantry Regiment la Philippine Scouts. Philippine Scouts lidali nthambi ya gulu lankhondo la United States imene idakhazikitsidwa mu 1901. Asilikali ake adali mbadwa za ku Philippines, pamene akuluakulu ambiri owalamula adali Achimereka. Dongosolo limeneli likufanana ndi la King's African Rifles, m'mene amuna a ku Nyasaland ankagwira usilikali pansi pa akuluakulu a ku Britain. Gulu la 57th Infantry linkakhala ku Fort William McKinley, pafupi ndi Manila.

Kwa mnyamata wochokera kumudzi, usilikali udali khomo lolowera m'masewera. Achimereka ankalimbikitsa masewera m'masukulu, m'magulu ankhondo ndiponso kudzera m'bungwe la YMCA. Ku usilikali ndi kumene Yldefonso adayamba kusambira pa mipikisano yokhala ndi malamulo, mtunda woyezedwa ndi wotchi yowerengera nthawi. Sadachedwe kudziwika, ndipo pofika mu 1923 adali atasankhidwa kale kuimira dziko lake kunja.

Kasambiridwe kake

Pa mipikisano yosambira pali mitundu inayi ya kasambiridwe: freestyle, backstroke, breaststroke ndi butterfly. Pa freestyle munthu ali ndi ufulu wosambira m'njira imene afuna, ndipo pafupifupi onse amasankha kuponya mikono mosinthanitsa chifukwa ndi njira yaliwiro kwambiri. Backstroke ndi kusambira chagada. Breaststroke, imene Yldefonso adatchuka nayo, ndi kusambira chafufumimba mofanana ndi chule: mikono yonse iwiri imapita kutsogolo limodzi n'kupalasa madzi limodzi, miyendo nayo imapindika ndi kutasa nthawi imodzi. Potembenuka ndi pomaliza, wosambira amayenera kukhudza khoma ndi manja onse awiri.

Mwa mitundu inayiyi, breaststroke ndiyo yochedwa kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti mikono ndi miyendo zimabwerera pamalo pake zili m'madzi, ndipo nthawi iliyonse zikamabwerera zimatchinga thupi ngati buleki. Wopambana ndi amene amadziwa kulumikiza bwino kupalasa kwa mikono, kutasa kwa miyendo ndi kupuma, kuti liwiro lisamathe pakati pa kupalasa kumodzi ndi kwina. Pa mamita 200, m'dziwe la mamita 50, munthu amadutsa dziwelo kanayi, ndipo ambiri amagonja pa ulendo wachinayi miyendo ikalema.

M'zaka za m'ma 1920 osambira ambiri ankamiza thupi kwambiri m'madzi posambira breaststroke. Yldefonso ankasambira thupi lili chapamwamba, pafupi ndi pamwamba pa madzi. Bungwe la International Swimming Hall of Fame, limene limasunga mbiri ya akatswiri osambira, limamutchula ngati mmodzi mwa amene adasintha kasambiridweka, ndipo ku Philippines ambiri amamutcha tate wa breaststroke yamakono.

Masewera a Far Eastern Championship Games

Asanapite ku Olimpiki, Yldefonso adapanga dzina pa masewera a Far Eastern Championship Games. Masewerawa adayamba ku Manila mu 1913, ndipo amene adatsogolera kuwakhazikitsa adali Elwood Brown wa bungwe la YMCA. Maiko amene ankapikisana kawirikawiri adali atatu: Philippines, China ndi Japan. Nthawi imeneyo awa ndiwo adali masewera aakulu kwambiri a maiko a ku Asia, ndipo ambiri amawaona ngati kholo la Asian Games imene idayamba mu 1951.

M'zaka zimene Yldefonso ankapikisana, masewerawa adachitikira ku Osaka mu 1923, ku Manila mu 1925, ku Shanghai mu 1927, ku Tokyo mu 1930, ndiponso ku Manila mu 1934. Iye adapambana mpikisano wa breaststroke kangapo pa masewera amenewa. Ankapikisananso pa mipikisano ya pakati pa Philippines ndi Formosa, chilumba chimene lero chimatchedwa Taiwan, chomwe panthawiyo chidali m'manja mwa Japan.

Mipikisano imeneyi idali yofunika kwa iye chifukwa Japan idali ikukwera msanga pa masewera osambira. Kukumana ndi Ajapani zaka zingapo zilizonse kunkatanthauza kudziyeza ndi ena mwa osambira aliwiro kwambiri padziko lonse popanda kupita ku Ulaya. Masewera a mu 1934 adali omaliza. Adatha chifukwa cha mkangano wa pakati pa China ndi Japan pa nkhani ya Manchukuo, boma limene Japan idakhazikitsa m'dera limene idalanda kumpoto chakummawa kwa China. Japan inkafuna kuti Manchukuo azipikisana nawo ngati dziko, China idakana, ndipo bungwe loyendetsa masewerawo lidagawanika.

Amsterdam, 1928

Ngakhale kuti Philippines idali pansi pa America, inkaloledwa kupikisana ku Olimpiki m'dzina lake. Idayamba mu 1924 ku Paris ndi munthu mmodzi yekha, wothamanga David Nepomuceno. Mu 1928 idatumiza anthu anayi ku Amsterdam m'dziko la Netherlands: wothamanga Anselmo Gonzaga, wodumpha Simeon Toribio, wosambira freestyle Tuburan Tamse, ndi Yldefonso. Masiku amenewo ulendo wochokera ku Manila kupita ku Ulaya udali wa pa sitima ya pamadzi, ndipo unkatenga masabata angapo.

Pa mamita 200 a breaststroke, amene ambiri ankayembekezera kuti apambana adali Erich Rademacher wa ku Germany, yemwe panthawiyo ndiye adali ndi nthawi yabwino koposa padziko lonse. Ndime yomaliza idachitika pa 8 Ogasiti 1928. Yoshiyuki Tsuruta wa ku Japan adadabwitsa anthu pomaliza woyamba ndi mphindi 2 ndi masekondi 48.8. Rademacher adabwera wachiwiri ndi 2:50.6. Awiriwa adasiya anzawo patali, ndipo nkhondo yeniyeni idatsala pa nambala yachitatu, pakati pa Yldefonso ndi Mjeremani wina, Erwin Sietas. Yldefonso adakhudza khoma pa 2:56.4, Sietas pa 2:56.6. Kusiyana kwawo kudali magawo awiri okha mwa magawo khumi a sekondi, nthawi yosakwana kuphethira kawiri.

Mendulo imeneyi idali yoyamba ya Philippines ku Olimpiki, ndipo idali yokhayo imene dzikolo lidabwera nayo chaka chimenecho. Toribio adaiphonya pang'ono pothera pa nambala 4 pa mpikisano wodumpha m'mwamba. Yldefonso adali ndi zaka 24. Pa masewera omwewo Johnny Weissmuller wa ku America, amene pambuyo pake adatchuka m'mafilimu a Tarzan, adapambana mamita 100 a freestyle, ndipo Arne Borg wa ku Sweden adapambana mamita 1,500.

Tsuruta ndi Yldefonso adali ndi zofanana zingapo. Onse adabadwa mu 1903, Tsuruta mu Okutobala ndipo Yldefonso mwezi wotsatira. Onse adakulira kutali ndi malikulu a maiko awo, ndipo onse adalowa m'mipikisano kudzera ku usilikali, Tsuruta m'gulu lankhondo la pamadzi la Japan.

Los Angeles, 1932

Olimpiki ya 1932 idachitika dziko lonse lili pa mavuto aakulu a zachuma, ndipo maiko ambiri adatumiza anthu ochepa. Japan yokha idabwera ndi gulu lamphamvu la osambira. Mwa mipikisano isanu ndi umodzi ya amuna, Ajapani adapambana isanu. Umodzi wokha, wa mamita 400 a freestyle, ndiwo udapita kwa Buster Crabbe wa ku America. Pa mamita 1,500 a freestyle adapambana Kusuo Kitamura, mnyamata wa zaka 14.

M'ndime yomaliza ya mamita 200 a breaststroke, pa 13 Ogasiti 1932, mudali anthu asanu ndi mmodzi: Ajapani atatu, anthu awiri a ku Philippines, ndi Mjeremani mmodzi. Izi zidaonetsa kuti mphamvu ya kasambiridweka idali itachoka ku Ulaya kupita ku Asia. Tsuruta adateteza ulemu wake ndi 2:45.4. Wachiwiri adali mnzake Reizo Koike, wa zaka 16, ndi 2:46.6. Yldefonso adamaliza wachitatu ndi 2:47.1, theka la sekondi kumbuyo kwa Koike. Sietas adatheranso pa nambala 4, kumbuyo kwa munthu yemwe uja adamutsekera mendulo ku Amsterdam. Wachisanu adali Jikirum Adjaluddin wa ku Philippines, ndipo wachisanu ndi chimodzi adali Shigeo Nakagawa wa ku Japan.

Mendulo idali yamtundu womwewo, koma kasambiridwe ka Yldefonso kadali katapita patsogolo kwambiri. Pa zaka zinayi adachotsa masekondi 9.3 pa nthawi yake. Ku Amsterdam wopambana adamusiya ndi masekondi 7.6, pamene ku Los Angeles adamusiya ndi masekondi 1.7 okha. Nthawi yake ya mu 1932 idaposa imene Tsuruta adapatira golide mu 1928. Adachita zimenezi ali ndi zaka 28, msinkhu umene osambira ambiri a nthawi imeneyo adali atasiya kale mipikisano.

Chaka chimenecho Philippines idapata mendulo zitatu za mkuwa. Zina ziwiri adapata Simeon Toribio pa kudumpha m'mwamba ndi José Villanueva pa nkhonya. Padadutsa zaka 89 dzikolo lisanapose chiwerengero chimenechi, mpaka pa Olimpiki ya ku Tokyo imene idachitika mu 2021.

Berlin, 1936

Mu 1935 Philippines idapatsidwa boma la Commonwealth lotsogozedwa ndi Manuel L. Quezon, ngati njira yokonzekera ufulu wodzilamulira. Chaka chotsatira Yldefonso adapita ku Olimpiki yake yachitatu, ku Berlin m'dziko la Germany, lomwe panthawiyo linkalamulidwa ndi Adolf Hitler. Adali ndi zaka 32.

Mpikisano wa breaststroke udali utayamba kusintha. Osambira ena, makamaka a ku America, adatulukira kuti malamulo sankaletsa kubweza mikono kutsogolo kudzera pamwamba pa madzi. Njira imeneyi idali yaliwiro koma yotopetsa, ndipo ndiyo idadzabala butterfly, imene bungwe la FINA lidaipatula kukhala kasambiridwe kapayokha mu 1952. Ku Berlin, John Higgins wa ku America adagwiritsa ntchito njira yatsopanoyi n'kuthera pa nambala 4. Mendulo zonse zitatu zidapita kwa osambira breaststroke yachizolowezi. Tsuruta adali atapuma, ndipo golide adatenga Mjapani wina, Tetsuo Hamuro. Sietas, atalephera kawiri, adapata siliva pamaso pa anthu akwawo. Koike adatenga mkuwa. Yldefonso adadutsa ndime zachipulula n'kufika m'ndime yomaliza, momwe adathera pa nambala 7.

Kufika m'ndime yomaliza pa Olimpiki zitatu zotsatizana, pa zaka zisanu ndi zitatu, chidali chinthu chosowa nthawi imeneyo. Mendulo yokhayo ya Philippines ku Berlin adapata Miguel White pa mpikisano wothamanga mamita 400 modumpha zotchinga. White nayenso adali msilikali, ndipo adafa mu 1942 pa nkhondo yomweyo.

Zotsatira za Yldefonso ku Olimpiki pa mamita 200 a breaststroke zidali motere:

1928, Amsterdam: nambala 3, nthawi 2:56.4
1932, Los Angeles: nambala 3, nthawi 2:47.1
1936, Berlin: nambala 7

Adasiya mipikisano cha mu 1937. Olemba mbiri yake amawerenga mendulo 144 zimene adapata pa zaka pafupifupi 16. Olimpiki ya 1940 idaperekedwa ku Tokyo, koma Japan idaibweza mu 1938 chifukwa cha nkhondo yake ndi China, ndipo pamapeto pake masewerawo sadachitike konse.

Nthawi za Yldefonso n'zochedwa tikaziyerekeza ndi za masiku ano. Mu 2023 Qin Haiyang wa ku China adasambira mtunda womwewo pa 2:05.48. Kusiyanaku kwadza chifukwa cha kusintha kwa malamulo, maiwe abwino, magalasi oteteza maso amene amalola munthu kukhala m'madzi maola ambiri pokonzekera, ndiponso kuti akatswiri a lero masewera ndiyo ntchito yawo. Yldefonso ankasambira uku akugwira ntchito ya usilikali.

Nkhondo ya ku Bataan

Pa 8 Disembala 1941, patangopita maola ochepa chiphulitsireni Pearl Harbor, ndege za Japan zidaphulitsa mabwalo a ndege zankhondo ku Luzon. Chakumapeto kwa mwezi womwewo asilikali a Japan adatsika pachilumbachi mwaunyinji. Mkulu wa asilikali a America ndi Philippines, Douglas MacArthur, adalamula kuti magulu ake abwerere ku Bataan, dera la mapiri ndi nkhalango lolowa m'nyanja kumadzulo kwa doko la Manila. Yldefonso adali adakali m'gulu la Philippine Scouts.

Gulu la 57th Infantry lidali limodzi mwa magulu ophunzitsidwa bwino kwambiri ku Bataan, choncho linkaikidwa pamalo ovuta. Mu Januwale 1942 lidatchinga adani pa mzere wa nkhondo wa ku Abucay, ndipo kenako lidatumizidwa kukathamangitsa Ajapani amene adatsika m'magombe a kumadzulo kwa Bataan. Vuto lalikulu lidali njala ndi matenda. Kuyambira mu Januwale asilikali ankalandira theka la chakudya cha tsiku, ndipo pambuyo pake chidachepanso. Malungo ndi kamwazi zidagwetsa anthu ambiri, mankhwala adatha, ndipo thandizo lochokera ku America silidabwere. MacArthur adachoka mu Malichi kupita ku Australia. Pa 9 Epulo 1942, Edward P. King, amene ankalamula asilikali a ku Bataan, adagonja. Anthu pafupifupi 75,000 adagwidwa, ambiri mwa iwo a ku Philippines.

Akaidiwo adawayendetsa wapansi kuchokera ku Mariveles ndi ku Bagac kukafika ku San Fernando m'boma la Pampanga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, wofanana ndi wochokera ku Lilongwe kukafika ku Salima. Idali nyengo yotentha kwambiri m'dzikolo. Anthuwo adali kale ofooka ndi njala, ndipo m'njira sankapatsidwa madzi ndi chakudya chokwanira. Amene ankagwa kapena kupatuka kukamwa madzi ankamenyedwa, kubayidwa kapena kuwomberedwa. Ku San Fernando adawapanikiza m'mabogi a sitima onyamulira katundu mpaka ku Capas m'boma la Tarlac, kumene adayendanso wapansi kukalowa m'kampu ya O'Donnell. Ulendo umenewu umadziwika ndi dzina loti Bataan Death March, ulendo wa imfa wa ku Bataan. Anthu zikwizikwi a ku Philippines ndi Achimereka mazanamazana adafera m'njira. Yldefonso adapulumuka ulendowo n'kufika ku Capas.

Nkhondo yolimbana ndi Japan idakhudzanso Amalawi. Mu 1944 asilikali a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles adamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma, kumene lero ndi Myanmar, ndipo nawonso adavutika ndi malungo ndi mvula yosalekeza.

Imfa yake

Kampu ya O'Donnell idali malo ophunzitsirako asilikali amene adali asanamalizidwe kumanga. Ajapani adaunjikamo akaidi ochuluka kwambiri kuposa amene malowo akadatha kusunga. Madzi adali osowa, moti anthu ankaima pa mzere maola ambiri kudikira pa mpopi. Kamwazi, malungo ndi njala zinkapha anthu mazanamazana pa tsiku, ndipo akufa ankaikidwa m'manda a anthu ambirimbiri. Pa miyezi yochepa m'kampumo mudafa anthu a ku Philippines oposa 20,000 ndi Achimereka pafupifupi 1,500.

Yldefonso adamwalira m'kampumo pa 19 Juni 1942. Mng'ono wake, amene adakulira naye limodzi m'mbali mwa mtsinje wa Guisit ndipo ankagwira ntchito yachipatala ku usilikali, adali naye pamene ankatsirizika. Ku Philippines kumakambidwa nkhani yoti mmodzi mwa Ajapani amene ankapikisana naye m'madzi atamva kuti Yldefonso ali pakati pa akaidi, adayesetsa kuti amasulidwe, koma sizidatheke. Patangopita nthawi yochepa iye atamwalira, Ajapani adayamba kumasula akaidi a ku Philippines m'magulumagulu. Mtembo wake sudapezeke. Dzina lake lidalembedwa pa makoma a asilikali osowa ku manda a Manila American Cemetery, amene ali pamalo pomwe padali Fort William McKinley, pamene adayambira usilikali ndi mipikisano.

Banja lake

Yldefonso adakwatira m'zaka za m'ma 1920 ndipo adasiya mkazi ndi ana. Luso losambira lidapitirira m'banjamo. Mwana wake wamkazi, Norma Yldefonso, adaimira Philippines pa Asian Games ya 1954 ku Manila, ndipo adapata mendulo pa butterfly, kasambiridwe kamene kadatuluka mu breaststroke ya nthawi ya bambo ake. Mdzukulutuvi wake, Daniel Coakley, adapata golide pa Southeast Asian Games ya 2007, ndipo adasambira mamita 50 a freestyle ku Olimpiki ya ku Beijing mu 2008, patatha zaka 80 chichitikireni mpikisano wa ku Amsterdam.

Chikumbutso

Kwa zaka zambiri Yldefonso adali munthu yekhayo wa ku Philippines wokhala ndi mendulo za Olimpiki zoposa imodzi. Wachiwiri adali Hidilyn Diaz, wonyamula zitsulo, amene adapata siliva ku Rio de Janeiro mu 2016 ndi golide ku Tokyo mu 2021. Golide ameneyu adali woyamba wa dzikolo. Mu 2024 ku Paris, Carlos Yulo adapata golide muwiri pa masewera a jimunasitiki, ndipo Nesthy Petecio adapata mendulo yake yachiwiri pa nkhonya.

Mu 2006 ku Piddig adaimika chipilala chomukumbukira pabwalo la pakati pa tauniyo. Mu 2010 dzina lake lidalowa mu International Swimming Hall of Fame ku Fort Lauderdale m'dziko la America, ndipo chaka chomwecho adali m'gulu loyamba la akatswiri olemekezedwa mu Philippine Sports Hall of Fame. Dziwe losambiramo la ku Rizal Memorial Sports Complex ku Manila, malo amene adachitikira masewera a Far Eastern a mu 1934, tsopano limatchedwa ndi dzina lake. Pamalo pamene padali kampu ya O'Donnell pali chikumbutso cha Capas National Shrine, ndipo tsiku la 9 Epulo ndi tchuthi cha dziko lonse ku Philippines, chokumbukira asilikali a ku Bataan.